Aphunzitsi a ku Katete afunsa: kodi Hawking anakanadi kuti ma black hole aliko?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa aphunzitsi a sayansi pa sukulu ina ya sekondale ku Katete. Akuti mwana wa m'kalasi mwawo anabwera ndi foni n'kuwaonetsa kavidiyo ka pa Facebook konena kuti Stephen Hawking, katswiri wa fizikisi wa ku Britain, asanamwalire anavomera kuti ma black hole, malo a kuthambo okoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo, kulibe. Mwanayo anafunsa pamaso pa anzake onse: ngati mwini nkhani anakana, nanga chithunzi chija cha mu 2019, chooneka ngati mphete yamoto, chinali cha chiyani? Aphunzitsiwo anamuyankha kuti asamangomeza zilizonse za pa foni. Koma atafika kunyumba anafufuza okha, n'kupeza kuti mawuwo Hawking analembadi. Ndiye andilembera imelo: "Kodi asayansi akukangana chiyani kwenikweni pa nkhani imeneyi, ndipo anapambana ndani? Mwanayu ndikamuuze chiyani?"

Aphunzitsi, mwanayo ali ndi mutu, musamutaye. Mawu amene anawamva ndi enieni, kungoti anadulidwa pakati. Kuti tifike pa theka linalo la chiganizocho pali kanjira kotalikirako.

Tichotse kaye zimene sizili pa mkangano. Ma black hole aliko. Pakati penipeni pa Mlalang'amba wathu pali nyenyezi yotchedwa S2, imene imazungulira chinthu chosaoneka ndi maso, ulendo umodzi zaka 16. Magulu awiri, lina la Reinhard Genzel wa ku Germany, lina la Andrea Ghez wa ku America, akhala akulondola nyenyezi za pamenepo kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Mu 2018 S2 itayandikira kwambiri chinthucho inkathamanga makilomita oposa 7,000 pa sekondi. Kuti nyenyezi ikokedwe motero, chokokacho chiyenera kulemera kuwirikiza dzuwa lathu ka 4 miliyoni, chonsecho chitapanikizana pa kamalo kochepa. Genzel ndi Ghez analandira mphoto ya Nobel mu 2020, pamodzi ndi Roger Penrose. Pa 14 Seputembala 2015 makina a LIGO ku America anamva kugwedezeka kwa danga lenilenilo, kochokera kwa ma black hole awiri amene anawombana n'kukhala mmodzi. Wina ankalemera kuwirikiza dzuwa ka 36, wina ka 29, koma wobadwayo anatuluka ndi 62 basi. Zitatu zosowazo zinasanduka mphamvu ya mafundewo pasanathe ngakhale sekondi imodzi. Ndipo chithunzi cha pa 10 Epulo 2019 chinajambulidwa ndi matelesikopu 8 omwazikana padziko lonse ogwira ntchito ngati imodzi. Mphete yamotoyo ndi kuwala kwa mpweya wotentha wozungulira black hole wa mlalang'amba wa M87, wolemera kuwirikiza dzuwa ka 6.5 biliyoni, ndipo mdima wapakatiwo ndi mthunzi wake.

Kankhani kena ana angakakonde: setilaiti imene inathandiza kwambiri kuzindikira Cygnus X-1, chinthu choyamba chimene ambiri anavomereza kuti ndi black hole, inaponyedwa kuthambo kuchokera pa nsanja ya m'nyanja pafupi ndi Malindi ku Kenya, pa 12 Disembala 1970, tsiku lokumbukira ufulu wa dzikolo. N'chifukwa chake anaitcha Uhuru.

Zonsezi ndi za kunja kwa black hole. Mkangano uli pa malire ake ndi m'kati, kumene kamera siingafike.

Ziphunzitso zikuluzikulu za fizikisi zilipo ziwiri. Choyamba ndi cha Albert Einstein cha mu 1915, chonena kuti mphamvu yokoka si chingwe chosaoneka, koma kupindika kwa danga ndi nthawi chifukwa cha zinthu zolemera. Patangopita miyezi yochepa Karl Schwarzschild, ali msilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anapeza m'masamu a Einstein kuti chinthu chikafinyidwa mokwanira pamabadwa malire ozungulira, ndipo chodutsa malirewo sichibwerera, ngakhale kuwala kumene. Dzuwa litafinyidwa motero, kuchokera pakati kufika pa malire pangakhale makilomita atatu okha. Dziko lathuli, mamilimita 9.

Mfundo ziwiri za Einstein muzigwire, chifukwa tizifuna kutsogoloku. Yoyamba: malirewo si khoma. Palibe chomangidwa pamenepo. Munthu wogwera mu black hole wamkulu ngati wa M87 angadutse malirewo osamva kalikonse, osadziwa n'komwe kuti njira yobwerera yatsekeka. Imfa ingamupeze patsogolo, m'kati. Yachiwiri: black hole akakhazikika, wakunja angadziwe zinthu zitatu zokha za iye, kulemera kwake, mmene akuzungulirira, ndi chaji yake ya magetsi. Kaya anameza nyenyezi, kaya chitsulo, kaya madzi, kunjaku sizioneka. John Wheeler, amene anatchukitsa dzina loti black hole mu 1967, ankati black hole alibe tsitsi, kutanthauza kuti alibe chomusiyanitsa ndi mnzake wolemera mofanana.

Chiphunzitso chachiwiri ndi quantum, cholamulira maatomu, kuwala ndi tizidutswa ting'onoting'ono. Ndicho chimayendetsa foni ya mwana uja ndi sola ya padenga. M'kati mwake muli lamulo limene mabuku a kusekondale satchula: mbiri ya chinthu siifafanizika. Tengani makalata awiri, ina yofunsira mbeta, ina yokumbutsa ngongole. Muwatenthe pa mbaula. Onse asanduka phulusa, utsi ndi kutentha, ndipo kwa maso athu phulusa ndi phulusa basi. Koma si zofanana. Paliponse pamene panadutsa inki, maatomu anauluka mosiyana pang'ono ndi pamene panalibe inki. Munthu atati agwire atomu iliyonse ya utsiwo ndi kachidutswa kalikonse ka kuwala kamene kanatuluka, n'kubweza masamu cham'mbuyo, akhoza kuwerenga kalatayo mpaka siginecha. Palibe amene angaikwanitse ntchito imeneyo, koma malamulo sailetsa. Mbiriyo yabalalika, siinafe.

Mwina mufunsa kuti nanga zili ndi ntchito yanji ngati palibe angawerenge. Ntchito yake ndi yaikulu. Quantum siilosera chimene chichitike motsimikiza, imapereka mwayi wa chilichonse chimene chingachitike, ndipo mwayi wonsewo pamodzi uyenera kukwana 100 peresenti nthawi zonse. Lamulo la masamu limene limasunga 100 peresentiyo ndi lomwelo limene limaletsa kuti zinthu ziwiri zoyamba mosiyana zikathere pa chimodzimodzi. Mukalimasula, si kalata yokha imene yatayika. Mu 1984 Tom Banks, Leonard Susskind ndi Michael Peskin ananena kuti mukalola mbiri kumafafanizika, ngakhale lamulo losunga mphamvu, limene inu mumaphunzitsa chaka chilichonse, liyamba kugwedera.

Kufika cha m'ma 1970 ziphunzitso ziwirizi sizinkapondana. Kalata ikagwera mu black hole, mbiri yake inali m'katimo, yotsekeredwa. Kubisika si kufafanizika, ndiye aliyense anali chete.

Woyambitsa chipwirikiti anali wophunzira wa Wheeler ku Princeton, Jacob Bekenstein. Mu 1972 ananena kuti black hole ali ndi entropy, ndiye kuti muyeso wa zambiri zobisika m'kati mwake, ndipo muyesowo umalingana ndi kukula kwa nkhope ya malire ake, osati kukula kwa chipinda cham'kati. Hawking anakana kwamtuwagalu. Anati chinthu chokhala ndi entropy chimakhalanso ndi kutentha, ndipo chotentha chilichonse chimatulutsa cheza, pamene black hole satulutsa kanthu. Kenako anakhala pansi kuwerengera mmene quantum imachitira pafupi ndi malirewo, ndipo masamu anamutembenukira. Mu 1974 analengeza kuti black hole amatulutsadi cheza. Bekenstein ankanena zoona.

Kafotokozedwe kosavuta ndi aka, ngakhale masamu enieni ndi ozama kuposa apa. Mu quantum, danga lopanda kanthu silikhala phee. Tizidutswa timabadwa tiwiritiwiri n'kuzimiririka nthawi yomweyo. Zikachitikira pa malire a black hole, kamodzi kamatha kugwera m'kati, kanzake n'kuthawira kunja. Kothawako kanyamula mphamvu, ndipo wolipira ndi black hole, amene amapepuka pang'ono. Akamachepa amatentha kwambiri, akamatentha amachepa mofulumira, mpaka pamapeto amaphulika n'kutheratu. Fomyula ya kutenthako ndi imene inazokotedwa pa mwala wa manda a Hawking ku Westminster Abbey, ku London.

Tsopano bwererani ku makalata aja. M'malo mwa mbaula, aponyeni mu black hole. Utsi wa pa mbaula unachokera ku kalatayo, n'chifukwa chake unanyamula mbiri yake. Cheza cha Hawking sichichokera ku kalatayo. Chimabadwira pa malire, kalata ili kale m'kati, kumene palibe uthenga ungatuluke. Masamu a Hawking ankasonyeza kuti chezacho chimangodalira zinthu zitatu zija, ndipo kaya munaponya ya mbeta kaya ya ngongole, chotuluka n'chimodzimodzi. Ndiye black hole akatheratu, kalatayo ili kuti? M'kati mulibe, chifukwa m'katimo palibenso. Kunja kulibe. Mu 1976 Hawking analemba mosapsatira kuti mbiriyo yafafanizika, ndipo quantum ndiyo iyenera kugonja.

Umenewu ndiwo mkangano, aphunzitsi. Ziphunzitso ziwiri zimene palibe chimodzi chinalepherapo mayeso m'dera lake, mukazikumaniza pa malire a black hole zimapereka mayankho otsutsana pa funso limodzi.

Amene anaimirira kutsutsa Hawking koyambirira kwa zaka za m'ma 1980 anali Susskind wa ku Stanford ndi Gerard 't Hooft wa ku Netherlands. Kwa zaka zambiri anali ngati okha. Akatswiri a chiphunzitso cha Einstein ambiri ankatsatira Hawking, akatswiri a tizidutswa ambiri ankangoona kuti nkhaniyo siikuwakhudza. Mu 1997 panachitika zinthu ziwiri. Hawking ndi Kip Thorne anabetcherana ndi John Preskill, awiriwo akuti mbiri imatayika, Preskill akuti imatuluka, wopambana adzalandira buku la insaikulopediya limene angasankhe. Chakumapeto kwa chaka chomwecho mnyamata wa ku Argentina, Juan Maldacena, anapeza chinthu chodabwitsa. Anasonyeza kuti chilengedwe cha mtundu wina, chokhala ndi mphamvu yokoka ndi ma black hole m'kati, chingalongosoledwe chonse ndi masamu a quantum wamba olembedwa pa malire ake akunja, opanda mphamvu yokoka n'komwe. Nkhani imodzi, masamu awiri. Ndipo m'masamu achiwiriwo mbiri siingatayike, chifukwa ndi quantum yeniyeni yosasinthidwa. Ngati siitayika uku, siingatayikenso uko.

Zimenezi zinakopa ambiri. Mu Julayi 2004, pa msonkhano ku Dublin, Hawking anavomera kuti waluza, n'kupatsa Preskill insaikulopediya ya masewero a baseball. Pambuyo pake analemba nthabwala yoti mwina akanangomupatsa phulusa lake la bukulo. Thorne anakana kuvomera nawo. Ndipo Hawking kuluza kubetcha sikunali kwachilendo: mu 1974 anabetcherana ndi Thorne yemweyo kuti Cygnus X-1 si black hole, n'kudzavomera mu 1990. Koma onani, chimene anavomera ku Dublin n'chakuti mbiri imatuluka. Mmene imatulukira, kafotokozedwe kake sikanakhutiritse anthu ambiri. Komanso chilengedwe cha Maldacena chili ndi mpangidwe wosiyana ndi chathuchi, chimene chikufutukuka mothamangirathamangira.

Gawo lovuta kwambiri ndi limene likubwerali, koma ndilo limabala mawu amene mwana wanu anamva.

Tizidutswa tiwiri tobadwira pamodzi mu quantum timakhala tomangirirana, chimene asayansi amatcha entanglement. Kamodzi pakokha kalibe mbiri yathunthu. Mbiriyo ili pa tiwiri tonse pamodzi, ndipo ukayeza kamodzi wadziwa za kanzake, ngakhale katapita kutali bwanji. Izi si nthano. Zinayesedwa m'malabotale kwa zaka zambiri, ndipo Alain Aspect, John Clauser ndi Anton Zeilinger analandira nazo Nobel mu 2022. Kumangiriranaku kuli ndi lamulo lake lolimba: kachidutswa kamene kamangirirana kotheratu ndi kamodzi sikangamangirirane ndi kachitatu. Mitala kulibe.

Mu 1993 Don Page, amene kale anagwirapo ntchito ndi Hawking ku Cambridge, anafunsa kuti ngati mbiri imatulukadi, ituluka liti? Anapeza kuti poyamba chezacho chioneka chopanda tanthauzo, monga Hawking ananenera. Koma black hole akafika cha pakati pa kusungunuka kwake, cheza chatsopano chiyenera kuyamba kumangirirana ndi cheza chakale chimene chinatuluka kalekale. Mbiri ya kalata ija siili m'kachidutswa kamodzi, ili m'kumangirirana kwa tonse. Chofunika pa zimene Page anapeza n'chakuti vutoli siliyembekezera mapeto, black hole atachepetsetsa, pamene tinganene kuti masamu athu safikako. Limayamba black hole akadali wamkulu, pamene masamu a Einstein ndi a quantum onse amayenera kugwira bwinobwino.

Mu 2012 anthu anayi a ku Santa Barbara ku California, Ahmed Almheiri, Donald Marolf, Joseph Polchinski ndi James Sully, anaika mfundozi pamodzi. Tengani kachidutswa kamodzi kamene kakuthawa pa malire a black hole wokalamba. Kuti malirewo akhale osalala, oti munthu n'kudutsa osamva kanthu monga Einstein amanenera, kachidutswako kayenera kukhala komangirirana ndi kanzake kamene kagwera m'kati. Kuti mbiri ituluke monga quantum imafunira, kachidutswa komweko kayenera kukhala komangirirana ndi cheza chakale. Zonse ziwiri sizingatheke. Mukadula mgwirizano ndi cheza chakale, mbiri yatayika. Mukadula mgwirizano ndi kanzake kam'kati, kudulako kumasiya mphamvu yoopsa pa malire ponse, khoma lamoto limene lingapsereze aliyense wofika pamenepo. Ndiye kuti Einstein walakwa pa malo amene sankayenera kulakwa. Anayiwo sanali okondwa ndi khoma lamotolo. Ankangoti, tisonyezeni pamene taphonya. Anthu anathamanga nalo funsoli, ndipo mayankho anachuluka kuposa ofunsa.

Limodzi mwa mayankhowo linali la Hawking. Mu Janyuwale 2014 anatulutsa kapepala ka masamba ochepa, kopanda masamu, kochokera pa zimene analankhula ku msonkhano wina chaka cham'mbuyo. Iye khoma lamoto sankalifuna. Ndiye anati mwina malire osabwererako mpaka muyaya kulibe. Alipo malire ogwira zinthu kwa nthawi yaitali kwambiri, kenako n'kuzimasula zitasokonezeka moti sungazizindikire, monga mmene nyengo imatsatira malamulo koma sungailosere kwa miyezi. Pamenepo ndi pamene analemba kuti ma black hole kulibe, ndipo chiganizocho chinapitirira: kulibe m'lingaliro la malo amene kuwala sikungathaweko mpaka kalekale. Manyuzipepala anatenga theka loyamba. Chinthu cholemera chija chili pakati pa Mlalang'amba, chimene chimazunguza S2, Hawking sanachikane tsiku ndi limodzi lomwe. Mu 2016 iye ndi Malcolm Perry ndi Andrew Strominger analemba zoti mwina black hole ali ndi katsitsi kofewa pa malire kosunga mbiri, ndipo anagwirabe ntchito imeneyo mpaka imfa yake pa 14 Malichi 2018. Munthu sathera masiku ake omaliza akuwerengera tsitsi la chinthu chimene amati kulibe.

Nanga anapambana ndani? Mu 2019 nkhani inasuntha kwambiri. Geoff Penington, ali wophunzira ku Stanford, ndiponso gulu la Almheiri, Netta Engelhardt, Marolf ndi Henry Maxfield, aliyense payekha, anawerengeranso pogwiritsa ntchito masamu a mphamvu yokoka, ndipo anapeza ndendende zimene Page analosera mu 1993. Mbiri imayamba kutuluka cha pakati. Chodabwitsa ndi njira yake. Masamuwo amati ikakwana nthawi imeneyo, chigawo china cha m'kati mwa black hole chimawerengedwa ngati mbali ya cheza chimene chili kunja, kutali. Amachitcha chilumba. Ngati ndi choncho, kachidutswa kaja sikali pa mitala, chifukwa kanzake kam'kati ndi cheza chakale si zinthu ziwiri zosiyana monga tinkaganizira. Zikufanana ndi zimene Maldacena ndi Susskind anaganiza mu 2013, zoti kumangirirana kwa quantum ndi njira zobisika zolumikiza malo otalikirana mwina ndi chinthu chimodzi.

Pali amene amati nkhani yatha. Ine sindikuvomera. Masamu a mu 2019 amatiuza kuchuluka kwa mbiri imene yatuluka pa nthawi iliyonse, koma satiuza zimene zimachitikira kalatayo kapena munthu wogwa pa malire. Ambiri mwa mawerengedwewo anachitikira m'zilengedwe zosavuta zopeka pa pepala, zina za miyeso yochepa kuposa yathu. Ndipo otsutsa si anthu wamba. William Unruh ndi Robert Wald, akuluakulu pa nkhani ya quantum m'danga lopindika, analemba mu 2017 kuti mbiri imatayikadi ndipo palibe choopsa pamenepo. Penrose nayenso wakhala mbali imeneyo. Samir Mathur wa ku Ohio ali kwina: iye amati m'kati mulibe n'komwe, black hole ndi mpira wa tizingwe topotana umene umathera pa malire pomwepo, ndipo umatulutsa cheza monga chinthu china chilichonse chotentha.

Mukandifunsa mbali yanga, ndili ndi amene amati mbiri imatuluka. Chifukwa changa si kuchuluka kwa anthu a mbali imeneyo. Mu 1996 Strominger ndi Cumrun Vafa anawerenga mmodzimmodzi mikhalidwe yobisika ya black hole wa mtundu wina, ndipo nambala inatuluka yofanana ndi ya Bekenstein ndi Hawking. Maldacena anadzera njira ina, a mu 2019 njira inanso, onse n'kukumana pamodzi. Njira zosiyana zikamathera pa nambala imodzi, ine ndimatchera khutu. Koma kutchera khutu si umboni wa m'labotale, ndipo apa ndi pamene ndikufuna ana anu amvetsetse kusiyana kwa zoyezedwa ndi zowerengedwa.

Cheza cha Hawking palibe munthu anachionapo. Chifukwa chake ndi manambala. Black hole wolemera ngati dzuwa ali ndi kutentha kwa pafupifupi 0.00000006 kelvin (pa muyeso wa kelvin, 0 ndi kuzizira kotheratu). Thambo lonse ladzaza ndi cheza chotsalira pa chiyambi cha chilengedwe, cha 2.7 kelvin. Ndiye black hole aliyense amene tikumudziwa ndi wozizira kuposa thambo lomuzungulira, amameza zambiri kuposa zimene amatulutsa, ndipo pakali pano akunenepa, sakuchepa. Ngakhale thambo litazizira, wolemera ngati dzuwa angatenge zaka pafupifupi 1 wotsatiridwa ndi maziro 67 kuti athe, pamene chilengedwe chili ndi zaka 13.8 biliyoni zokha. Wa M87 ndiye osanena. Kuli oyesa m'malabotale zinthu zotsanzira black hole, monga Jeff Steinhauer ku Israel amene mu 2016 anagwiritsa ntchito maatomu ozizira kwambiri oyenda mothamanga kuposa phokoso, ndipo anaona chofanana ndi cheza cha Hawking. N'zosangalatsa, koma mmenemo mulibe mphamvu yokoka, ndiye sizingaweruze mlanduwu.

Kwa mwana wanu, ine ndingamuuze zitatu mosabisa. Chithunzi cha mu 2019 n'chenicheni ndipo Hawking sakanachikana. Mawu amene anamva ankanena za mtundu wa malire, osati za kukhalapo kwa chinthucho. Ndipo funso loti chogwera m'kati chimathera kuti lidakali lotseguka, ngakhale ambiri apendekera mbali imodzi. Musaope kumuuza kuti akatswiri sanagwirizane. Ana athu timawazoloweza kuti sayansi ndi mayankho a kumapeto kwa buku, ndiye akamva kuti asayansi akukangana amaganiza kuti zonse ndi bodza. Mupatseni fomyula ya Schwarzschild, 2GM/c², aike kulemera kwa dzuwa, apeze yekha makilomita atatu aja ndi kakyuleta. Aikenso kulemera kwake iye mwini, aone nambala imene ituluke.

Ndipo mutulutseni panja usiku. Ife kuno tili ndi mwayi umene anzathu a ku Ulaya alibe, chifukwa pakati pa Mlalang'amba pamadutsa pafupifupi pamwamba pa mitu yathu. Kumapeto kwa Ogasiti, nyengo ya Kulamba kwanu ku Mkaika, cha m'ma 19:00, kukakhala kopanda mwezi ndipo muli kutali ndi malaiti, yang'anani kumwamba pamene Mlalang'amba wanenepa kwambiri, pafupi ndi mchira wa gulu la nyenyezi looneka ngati chinkhanira. Kuseri kwa fumbi la pamenepo, pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 26,000, ndi kumene kuli black hole wa S2 uja, amene nayenso anajambulidwa, chithunzi chake n'kutuluka mu Meyi 2022. Mwayi womwewu ndi umene unathandiza telesikopu ya MeerKAT ku Karoo ku South Africa, ya madishi 64, kujambula dera limenelo momveka bwino itangotsegulidwa mu 2018. Zambia ili m'gulu la mayiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito yaikulu ya telesikopu ya SKA, ndiye mwana wokonda kufunsa chonchi asamaone ngati zakuthambo ndi za azungu okha.

Njira imodzi yoonera cheza cha Hawking ilipo, ngati chilengedwe chingatikomere mtima. Hawking yemweyo ndi ena anaganiza kuti pa chiyambi penipeni, zinthu zili zopanikizana, mwina panabadwa tima black hole ting'onoting'ono. Kamene kanabadwa kolemera matani pafupifupi 500 miliyoni, kukula kwake ngati pulotoni imodzi (kachidutswa ka m'kati mwa atomu), kangakhale kakumaliza kusungunuka masiku athu ano, ndipo mapeto ake angaoneke ngati kung'anima kwa cheza champhamvu cha gamma. Matelesikopu angapo akhala akusaka kung'anima kotero, kuphatikizapo a H.E.S.S. amene ali kumapiri a ku Namibia. Mpaka pano sanapeze ngakhale kamodzi.